Mboni ya ku Milepa

A Lameck Silvesta anapalasa kabaza ku Milepa zaka khumi ndi zinayi. Anali munthu wosachulutsa mawu, ndipo amayi oyembekezera ankakonda njinga yawo chifukwa pokumbika ankatsika n'kumakankha.

Tsiku lina masana, nthawi ya kampeni, akuchokera kokatula wodwala kuchipatala, anaona galimoto yoyera ikugunda mayi Easter, wogulitsa nandolo m'mbali mwa msewu. Mayiyo anafera pomwepo. Woyendetsa anatsitsa galasi, n'kusuzumira, n'kuthawa. A Lameck anamuona bwinobwino. Anali phungu wa dera lawo, yemwe iwonso anamuvotera.

Kupolisi, komwe a Lameck anakapereka umboni, kunabwera dalaivala wa phunguyo kudzavomera mlandu.

"Ayi, si ameneyu," anatero a Lameck. "Pachiwongolero panali bwana mwiniwake."

Akazi awo, a Sophie, anawadandaulira: "Bambo a Tadala, amenewotu ndi akuluakulu. Ife tili ndi ana."

"Nayenso Easter wasiya ana atatu," anayankha. "Ndikanene kuti sindinaone, maso ndili nawo?"

Chifukwa cha kukakamira kwawo, phunguyo anatengeredwa kukhoti. Tsiku la mlandu likafika, a Lameck ankavala jekete lawo la kutchalitchi n'kupalasa mpaka kuboma, kokangomva kuti mlandu wayimitsidwa. Lero loya wadwala, mwezi winawo olemekezeka ali ku Nyumba ya Malamulo, kenako fayilo yasowa. Anyamata achipani anawaphwanyira njinga pamsika anthu akuona, osaleretsa ndi mmodzi yemwe. Iwo ankapitabe, wapansi.

M'chaka chachisanu phunguyo anagwa pachisankho, fayilo ija n'kupezeka. Koma apa n'kuti a Lameck atadwala sitiroko, mbali ya kumanja itafa, lilime litalemera. Mnzawo wakabaza anawanyamula kupita nawo kukhoti, a Sophie akuwagwirizira kumbuyo. Woweruza atawafunsa amene ankayendetsa galimoto, anakweza dzanja lamanzere, n'kuloza phunguyo. Misozi inali chuchuchu.

Loya wa phungu anaimirira. "Mboni yosatha kulankhula ndingaifunse bwanji mafunso?"

Khoti linagamula kuti umboni ndi wosakwanira. Panja anthu anaimba, ena akuliza malikhweru, phunguyo atamunyamula m'mapewa. A Lameck anakhala pakhonde la khotilo kudikira kuti gulu lidutse.

Anamwalira patapita miyezi iwiri, mvula yoyamba isanagwe. Phungu wakaleyo akuti adzaimanso. A Sophie akafunsidwa ngati adzapite kukavota, amangoti, "Kaya, tidzaona."