Dzanja Paphewa

Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Zina zonse ndinaphunzira panyanja. Ndinakhala siginala wa chilimira zaka zambiri, munthu woona pamene pali nsomba n'kuuza anzake poponya ukonde waukuluwo. Ndikaloza, anthu ankapalasa osafunsa. Maso atayamba kufooka ndinatsika m'boti, ndipo a chipani anandiika kukhala wapampando wa nthambi ya kwathu, cha ku Lungwena. Kumenekonso zinali chimodzimodzi. Pamene ndaima ine, anthu anga ankaima pomwepo. Ndinkanyadira zimenezi, sindibisa.

M'zaka zimenezo dera lathu linali m'manja mwa chipani chimodzi. Wopambana pa chisankho cha chipulula, chosankha woimira chipanicho, anali atatenga kale ukhansala. Tsiku loponya voti linali longotsiriza mwambo.

Mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, anaganiza zopikisana nawo. Ndi wamng'ono kwa mkazi wanga. Amayi awo anamwalira iye akukwawa, ndipo anamulera ndi mkazi wangayo, nayenso ali mtsikana. Anali wosoka maukonde, mkulu wa mpingo, munthu wa nthabwala. Ine anali asanandipatseko ulemu ndi tsiku limodzi lomwe. Ankanditcha ng'ona yokalamba, ine n'kumamutcha kansomba kopanda mnofu. Chilamu chimatero.

Ukhansala sankaufunira njinga yamoto kapena jekete. Nkhani inali dooko. Gombe lathu linkatha pang'onopang'ono. Anthu omanga malo ogona alendo ankagula apa, kutchinga ndi waya, kugulanso apo. Linatsala dooko limodzi, pamene tinkakocheza mabwato, pamene amayi ankayanika usipa pa mathandala, kuchapa ndi kutunga madzi. Tinamva kuti mapepala a dookolo afika kale ku khonsolo. Mlamu wanga anati pafunika munthu wa pagombe akakhale m'chipinda chimene mapepalawo akukambidwa.

Pa chipulula sitiponya mapepala. Opikisana amawaimika pabwalo, kuwamanga nsalu kumaso, ndipo nthumwi zimandanda kumbuyo kwa amene zamufuna. Amati nsaluyo ndi yoti wopikisana asaone amene wamukana. Koma ena onse amaona.

M'mawa wina tili padooko, mlamu wanga akusoka ukonde, mkazi wanga akutembenuza usipa pathandala chapafupi, mlamuyo anandiuza kuti mwera sauopa koma nsalu ija.

"Munthu ungaime ngati chitsa, alamu, dzuwa likukuwotcha, kumbuyo kuli mbuzi ziwiri ndi galu wa ahedi."

Ndinamuyankha kuti ndidzaima woyamba, ndipo ndidzamugwira paphewa. Akadzamva dzanja adzadziwe kuti nthambi yonse ili kumbuyo kwake.

"Koma musadzandithyole," anatero. "Chikhatho chanucho ndi nkhafi."

Tinaseka. Mkazi wanga sanatembenuke, koma anamva.

Patatsala masiku ochepa, kunyumba kwanga kunaima galimoto ya mbendera. Anatsika gavanala wa chipani, wochokera ku boma. Anali msinkhu wa mwana wanga, koma ndinamupatsa mpando wanga. Anandiuza kuti akuluakulu aona kale munthu wawo, wamalonda wina wa pa Mangochi wokhala ndi malole onyamula nsomba. Ndinati munthuyo sitimudziwa, sanapondepo padooko pathu. Iye anati adzatidziwa akapambana.

Sanakalipe. Anamwa madzi, nayamikira mango a pabwalo. Kenako anafunsa za mwana wanga wamkazi. Mwana ameneyu ndi wamasiye, mwamuna wake anamira, ndipo ali ndi ana anayi. Amagulitsa nsomba zouma pa benchi mumsika wa pa boma. Benchi imeneyo ndiyo munda wake, ndiyo mwamuna wake. Gavanala anati msika ukukonzedwa, mayina a eni mabenchi alembedwa mwatsopano, ndipo ofuna malo ndi ambiri.

"Ife sitikakamiza munthu, madala," anatero akuimirira. "Tidzangoona pamene mudzaime."

Sindinauze munthu. Mkazi wanga anafunsa chimene galimoto inadzera, ndinati za chipani. Lamulungu mwana wanga anabwera pa kabaza ndi kamwana kake kotsiriza. Anati kumsika kunabwera anthu ndi kope, ndipo atafika pa iye anamufunsa kuti ndi mwana wa yani. Anandifunsa ngati pali vuto. Ndinati palibe. Mlamu wanga anali pomwepo, akusewera ndi kamwanako. Ndikanatha kumukokera kuseri kwa nyumba. Sindinatero. Ndinali munthu wosazolowera kufunsa nzeru kwa wina, makamaka kwa wamng'ono. Ndinati nkhani ya mwana wanga ndi yanga.

Chipulula chinachitikira pabwalo la sukulu. Kunatentha. Malole a wamalonda uja anatsitsa anthu ovala nsalu zatsopano za chipani, nkhope zimene sindinazionepo pa msonkhano uliwonse. Mayina awo anapezeka m'kaundula. Sitinafunse. Mlamu wanga anavala jekete lake la kutchalitchi. Anawaimika awiriwo motalikirana, nawamanga kumaso. Wina anaimba wenzulo.

Anthu a nthambi yanga sanasunthe. Anayang'ana ine, monga ankachitira m'boti. Nthumwi za nthambi ziwiri zoyandikana nafe, asodzi anzathu, zinayang'ananso ine. Ndinaona gavanala ataima pakhonde la kalasi, manja m'thumba. Ndinaona msana wa mlamu wanga, jekete litanyowa thukuta pakati pa mapewa.

Ndinapita ku mzere wa wamalonda.

Ndinamva mapazi akunditsata. Mkazi wanga anali nthumwi ya amayi. Iye sananditsate, ndipo sanandiyang'ane. Anayenda yekha kudutsa bwalo lonse, naima kumbuyo kwa mlongo wake, naika dzanja paphewa pake. Ndinaona msana uja ukuwongoka. Pambuyo pa mkazi wanga panaima anthu owerengeka, okalamba ndi amayi a kumpingo.

Kaya tikanaima tonse akanapambana, sindidziwa. Malole anali odzaza. Ena amati ngakhale tikanachuluka, owerenga akanawerenga zawo. Ine sindibisala kumbuyo kwa mawu amenewo. Ndinalonjeza kuima, sindinaime.

Atawerenga anabalalitsa mizere, kenako n'kumasula nsalu. Mlamu wanga anaphethira, namva zotsatira, nagwedeza mutu. Ndiye anayenda molunjika kwa ine, anthu akuona, nagwira dzanja langa ndi manja ake awiri.

"Dzanja ndalimva, alamu. Zikomo."

Ine, amene sindinanamizepo mwini boti za nsomba ngakhale ndowa imodzi, ndinangoti, "Ndi mmene zakhalira."

Wamalonda uja anapambana ukhansala. Kwathu tinamuona kawiri, pa maliro ena ndi tsiku logawa nsalu. Mwana wanga benchi sanalandidwe. Izi ndiyenera kulemba, chifukwa ndi zoona. Gavanala anasunga mawu ake. Ana anadya, ndipo wamkulu ali ku sekondale.

Kunyumba mkazi wanga ankaphika, kuchapa, kukamba za mchere ndi za mvula. Za tsiku lija sanatchulepo. Mlamu wanga ankabwerabe. Koma anasintha. Ankagwada pang'ono popereka moni, n'kufunsa ngati ndadzuka bwino, ngati miyendo ikupepuka. Za ng'ona yokalamba zinatha. Ndinadziuza kuti ndi chisoni cha kugonja. Tikakhala limodzi padooko, anthu ankatsitsa mawu. Ndinkadikira tsiku limene wina adzamuuze. Masiku ankapita, iye osaonetsa kanthu, ine osanena kanthu.

Chaka chisanathe padooko panabwera anthu ndi chingwe choyezera. Pambuyo pawo panabwera mizati ya simenti. Anatipatsa sabata imodzi kuti tichotse mathandala ndi mabwato. Khansala anati nkhaniyo inachokera kumwamba, iye anangoipeza. Ndinakwera minibasi kupita ku boma kukaonana ndi gavanala. Ndinavala malaya a chipani. Ndinakhala pa benchi panja pa ofesi kuyambira m'mawa mpaka anthu akuweruka. Mtsikana wa pakhomo anati bwana ali pa msonkhano. Galimoto ya mbendera ndinaiona ikutuluka pa geti la kumbuyo.

Tinapasula mathandala. Tinayenera kusamukira ku dooko la mudzi wina, ulendo wa ola lathunthu wapansi, kumene tinachita kupempha malo ngati alendo. Mabwato anapita pamadzi. Mitengo ya mathandala tinasenza. Thandala la mkazi wanga linali ndi mitengo iwiri yaitali, yosasenzeka ndi munthu mmodzi. Mlamu wanga anatenga kutsogolo, ine kumbuyo. Njira inadutsa m'mbali mwa mipanda ya waya. Nyanja tinkaionera m'mipata.

Titayenda ndithu, anafunsa osatembenuka ngati ndikukwanitsa. Ndinati ndikukwanitsa. Tinayendanso. Kenako analankhula, mawu ake ali pansi, ngati akukamba za mtengo wa ulusi.

"Dzanja la achemwali ndimalidziwa, alamu. Ndi limene linkandisambitsa."

Ndinafuna kuima, koma wosenza kumbuyo saima wakutsogolo akuyenda. Ndinamufunsa chifukwa chimene anandithokozera.

"Anthu anali kuona. Ndikanakuvulani pabwalo la sukulu, pamaso pa ana?"

Ndinayamba kufotokoza za gavanala ndi za benchi. Anandidula. Anati za anthu a kope aja anazimva kwa mwana wanga mwini, ndipo chipulula chitatha zotsalazo anazilumikiza yekha. Anati sakundiimba mlandu chifukwa choopera ana amasiye. Apa anaima, natsitsa mitengo, natembenuka.

"Koma mwana uja ndi wa yani? Inu munabereka, inde. Mbumba ndi yanga. Malume ake ndine. Benchi yake inali nkhani yobwera nayo kwa ine. Mukanandiuza, ndikanakumasulani ndi pakamwa panga. Mwina ndikanachoka pa mpikisano, mwina tikanapeza njira ina. Koma inu munaona kuti kansomba kopanda mnofu sikangauzidwe kanthu. Munandisiya ndimangidwe kumaso ndikudikira dzanja lanu."

Mwambo umenewu ndimaudziwa kuyambira ndili mwana. Ndaweruzapo nawo milandu ya ena, kuuza amuna anzanga kuti nkhani ya mwana siitha popanda malume. Pa nkhani yanga ndinauiwala, chifukwa ndinazolowera kuloza, ena n'kumapalasa.

Ndinati, "Ndinalakwa." Mawu amenewa ndinali ndisanawanenepo kwa munthu wamng'ono kwa ine.

Iye anati wamva. Anawerama, nasenzanso mitengo. Tinafika.

Sabata yotsatira ndinatenga kope la nthambi ndi chidindo, n'kukazisiya kwa mlembi. Palibe anabwera kudzandifunsa chifukwa. Anasankha wina mwezi womwewo. Chipani chija chinadzagwa pambuyo pake, kunabwera china, ndipo gavanala uja ndinamuona atavala nsalu ya mtundu wina, ali pa galimoto ina. Chipulula chikuchitikabe pabwalo lomwe lija. Ine sindipitako.

Padooko pathu paja lero pali udzu wothirira ndi mipando yoyera. Mlonda wa pageti ndi mdzukulu wa munthu amene ndinkapalasa naye. Akandiona amandipatsa moni mwaulemu, koma geti satsegula. Mkazi wanga amanyamuka m'mamawa kupita ku dooko lakutali lija, ndipo pobwera mawondo amakhala atatupa. Ndimamuwiritsira madzi. Amalandira.

Mlamu wanga akadali moyo. Amasokabe maukonde. Pa Khirisimasi anabwera ndi nkhuku, tinadya limodzi. Pochoka ndinamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo ndinayesa. Ndinati kansomba kopanda mnofu kayende bwino, kasatengedwe ndi mphepo. Anaima, navula chipewa.

"Zikomo, bambo. Tsalani bwino."