Thadzi limene ndinagulitsa Bana Mutinta

Posonkha zomangira holo ya ana ku Kanakantapa, banja lililonse linabweretsa chogulitsa. Ine ndinabweretsa thadzi lodya mazira ake omwe, ndipo khalidwe lakelo ndinkalidziwa bwino.

Ndinalisungira Bana Mutinta, mayi wa kumapuloti amene ananena pamsonkhano kuti ana a zipere azidzakhala pabenchi yawoyawo m'holomo. Ponena zimenezo ankayang'ana Dalitso wanga.

"Iikira nkhuku iyi?" anafunsa.

"Tsiku lililonse, amayi."

Anagula osanenerera. Patapita milungu tinakumana kuchigayo.

"Amake Dalitso, mazira siniyaona. Nipeza makoko chabe."

Apa m'pamene ndikanaulula. Koma ndinapukusa mutu mwachisoni, ndikuti, "Ni njoka iyo, amayi."

Anagwetsa khola lawo latsopano lonse, kufunafuna njokayo. Manyazi ndili nawo ndithu, komabe ndikamadutsa pamenepo ndimayenda pang'onopang'ono kuti ndione bwino.