Manda Awiri a Achimwene

Ndinadzuka tambala asanalire, msana utauma chifukwa chogona chokhala pafupi ndi bokosi la achimwene anga. Amayi a mpingo anali atasasa mawu, nyimbo ikungokwawa. Panja moto wa abambo unali utatsala makala okha, nkhungu ya ku Lifidzi itameza ndi nkhokwe zomwe.

Achimwenewo ankagwira ntchito ku Beira, kophunzitsira madotolo. Ankapanga mimba za mphira, zopanda mutu, zopanda miyendo, kukula ngati ya munthu wamkulu. Amazipopa mpweya mpaka kufufuma, ophunzira n'kumalowetsa tizitsulo ndi kamera pa timabowo, kuti manja azolowere asanakhudze munthu weniweni. Yomaliza anaimalizira ku Ulongwe, akudwala kale. Anandigwira dzanja, amvekere, "Mlongo, imeneyi ikafike kwa ophunzira anga. Moyo wanga wonse uli mmenemo." Ndinalonjeza.

Tsono galimoto yobweretsa maliro inatsitsa bokosi, kenako chinthucho, chokulunga m'bulangete, amuna awiri atachinyamula. Anthu anaona.

Kutacha khamu linayamba kufika, ena panjinga, ena pa minibasi za chapa, ena wapansi kuchokera ku Fonte Boa. Amayi a m'mudzi anasonkha moto kuseri, nyemba zikuwira, koma kunong'ona kunaposa kulira. Akuti munthu wopanga mimba wafa ndi mimba yotupa, zimenezo n'zachabe? Ndinapsa mtima, koma pamaliro sutukwana.

Kenako mkulu wa adzukulu, amene amakumba manda, anafika dothi lili m'mawondo. Anati akumba awiri.

"Awiri a chiyani? Ndi mphira ija!"

"Mayi, ife tinaona awiri akutsika. Manda sagona apululu. Mukawasiya, aitana wa m'nyumba mwanu."

Ndinati aikemo thunthu la nthochi monga mwa mwambo. Anapukusa mutu, akuti nthochi amaika pamene mtembo palibe, apa ulipo. Amalume anavomereza kuti mimbayo ikwiriridwe. Maso onse anatembenukira kwa mwana wanga wamkazi, yemwe ali ndi pakati poyamba, mwezi wake ndi uno. Ine mantha anandigwira, sindinama.

Koma ndinali nditalonjeza. Anthu ali kalikiliki ndi chakudya, ndinazemba ndi chikwanje, n'kudula nthochi ya kuseri kwa bafa. Ndinaikulunga m'bulangete lomwe lija, kumanga ndi chitenje changa cha kapulana. Mimba ya achimwene ndinaikankhira pansi pa kama.

Tinanyamuka masana, mvula yowaza itayamba, mphepo ikulowa m'mafupa. Bokosi patsogolo, mtolo wanga pambuyo, ndipo palibe anafuna kuyenda pafupi nawo. Kumanda akatekisita anapempherera bokosi lokha. Mkulu wa adzukulu uja analandira mtolowo, anauyesa kulemera m'manja, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Anautsitsa, anakwirira.

Madzulo anthu anabalalika, panatsala phulusa ndi mikeka yonyowa. M'nyumba munali zii. Nditakhala pa kama ndinamva kaphokoso pansi, fiii, mpweya womwe achimwene anapopa komaliza ukutuluka pang'onopang'ono. Ndikudziwa kuti ndi mphira. Ndinadziuza kawiri.

Pamenepo mwana wanga anaitana kuchipinda chinacho.

"Amayi, bwerani. M'mimbamu mwayamba."