Kachinkhwe kasiya sofa yanga

Mwaswera bwanji nonse.

Abale, lero ndiyamikireni. Kachinkhwe, kambalame koweta kaja anatisiyira mwana wathu Chisomo popita ku koleji, kanatsala pang'ono kusamuka pakhomo pano. M'mawa ndapeza katakukuta nsalu yoluka ya pa sofa, ija anandilukira malemu amayi, ulusi uli mbwee pansi. Bambo a Chisomo atapsa mtima anati, "Kameneka mawa ndikakataya kuthengo."

Ine ndinati dikirani kaye. Kodi mbalame zimatsata chiyani kumunda kwathu ku Bwanje? Ndatenga ngala za mpunga, ndazimanga pamodzi ndi chitsononkho n'kupachika pawindo. Kambalame kaswera pomwepo, kakusenda njere imodziimodzi, sofa osayiyang'ana n'komwe. Nzeru zangatu zimenezo, sanandiuze munthu.

Koma imvani izi. Bambo omwe aja, amene amapsa ndi dzuwa kupirikitsa mbalame mumpunga, ndawapeza atagwada pawindo, ngala ili m'manja, akunyengerera kuti, "Idya, mwanawe." Ndawajambula osadziwa.

Ndiye ndiuzeni, chithunzichi ndimutumizire Chisomo, kapena tiwasungire ulemu bambo ake?