Poto wa nkhumba ndi kabichi wowawasa

Linali tsiku lophika nkhumba. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, tikukhala m'mphepete mwa Kibera, ku Nairobi, komwe abambo ankagwira ntchito ya mpingo. Chisankho chinali chitangotha.

Amayi anaphunzira chakudya chimenechi kwa masisitere a ku Jeremani ali mtsikana ku Dedza. Kabichi amamudula mosalala, kuthira mchere, kupanikiza m'chidebe, mwala pamwamba. Pakatha masabata atatu wawawasa. Ukatero umangoyala kabichiyo pansi pa poto, nkhumba pamwamba, kuvindikira, makala ochepa pa mbaula. Maola anayi. Amayi ankati n'chakudya cha alesi. Anansi athu ankati tikuphika zovunda, ankatseka mawindo.

Mmawa umenewo utsi unayamba cha kunjanji. Kenaka phokoso la malata akugwa. Abambo anavala nsapato nati akukafuna galimoto yoti itichotse.

"Nkhumbayo isanapse ndikhala nditafika," anatero.

Amayi anali atangovindikira poto.

Tinakhala pakhonde. Anthu ankadutsa atasenza matiresi. Mayi wina anadutsa ndi wailesi yakanema kumsana, mwana akumukoka pamkono. Foni ya abambo inkangoitana.

Mwininyumba anabwera kawiri kudzatiuza kuti tichoke. Amayi anayankha kuti nyama sinapse. Anawayang'ana ngati amisala. Ine ndinkadziwa chimene amayi ankatanthauza. Kuphula potoyo kunali kuvomera kuti nthawi ya abambo yakwana.

Amayi anawonjezera makala awiri okha. Kenaka limodzi. Sindinaonepo munthu akuphika mochedwetsa dala chotero.

Nyumba yachitatu kuchokera pathu itagwira moto, amayi anavundukula. Nyama inali itasiyana ndi mafupa. Anavindikiranso, anakulunga poto m'chitenje, nandisenzetsa. Iwo anatenga mapasipoti ndi jekete la abambo. Pachitseko analemba ndi khala: Ngong, kutchalitchi.

Poto ankanditentha paliwombo. Msuzi unkatsikira kuseri kwa khutu. Sindinapukute.

Tisanafike pamsewu waukulu tinapeza miyala ndi matayala oyaka. Anyamata a zikwanje ankafunsa aliyense dzina ndi kwawo kuti adziwe mtundu wake. Bambo wina anali atagona chafufumimba m'ngalande, nsapato imodzi kulibe. Ndinayang'ana nsapato yotsalayo. Sinali ya abambo.

Amayi anaonetsa mapasipoti kuti aone kuti ndife a dziko lina. Mnyamata wina anawatembenuza, osakhulupirira. Anati aliyense lero wasanduka mlendo. Mnzake anamasula chitenje ndi nsonga ya chikwanje, navundukula poto ali pamutu panga pomwepo.

Fungo linawafikira onse. Mmodzi analavula. Wa mapasipoti uja anaseka, nati palibe Mkenya angadye zimenezi, ngakhale wa mtundu uti. Anatiponyera mapasipoti pansi. Tinadutsa.

Lole ya mchenga inatitenga mpaka ku Ngong, kunja kwa Nairobi. Pabwalo la tchalitchi panali anthu ambiri. Amayi anakhala pansi pa mtengo nagawa chakudyacho m'zivindikiro ndi m'manja. Omwe ankatseka mawindo aja anadya nawo. Ine ndinadya, koma sindikumbuka kukoma kwake. Sindinamve chisoni kapena mantha. Ndinkangomva kuwawa paliwombo.

Nthuli ya mafuta, yomwe abambo ankaikonda, amayi anaisiya m'poto ndi kabichi pang'ono. Mmawa uliwonse ankapempha moto n'kuitenthetsa. Ankati zowawasa sizivunda msanga. Akatero ankakaima pageti.

Tsiku lachisanu sanapemphe moto. Anakhuthulira nthuliyo m'manja mwa mayi wina woyamwitsa, natsuka poto ndi mchenga mpaka kuyera.

Abambo sanapezeke, kuchipatala kapena kwina kulikonse. Jekete lawo lili m'sutikesi ya amayi ku Dedza.

Ine ndinatsala kuno, ndinakwatiwa ku Rongai. Chidebe ndi mwala ndili nazo zanga. Ana anga amachikonda chakudyachi, amati n'chosavuta, ndipo n'zoona. Chimene samvetsa n'chakuti ndisanavindikire ndimayamba ndawawerenga onse, ndi bambo awo omwe. Poto ali pamoto, palibe amatuluka pageti, ngakhale kukagula mchere.