Mazombi a pa Sondo Masana

Atate anabwera ku Kabwe ali mnyamata, kuchokera kummawa, kudzagwira ntchito kunjanji. Anagwira mpaka imvi zinadzaza mutu. Kuno anakwatira, anabereka ife awiri, alongo anga ndi ine, ndipo kuno anaika amayi m'manda. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo wodziwika ndi mawu; akayambitsa nyimbo iwo, ngakhale okhala kumbuyo ankawongoka. Ndiye sitiroko itawagwira, mbali yakumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu aja anapita. Kunatsala kubuula kochokera pakhosi. Nzeru zawo zinali bwinobwino, ankamva chilichonse, koma lilime linkawakana.

Ndinawatenga kunyumba kwanga ku Nakoli. Alongo anga, amene ndi aakulu kwa ine, amagwira ntchito yolondera akaidi ku Mukobeko, ndipo anati nyumba za kumeneko n'zopanikiza, wodwala sangakhalemo. Yanga sinali yaikulu kuposa yawo, koma sindinatsutse. Ndinalibe mwamuna, ndinalibe mwana, ndiye aliyense anaona kuti mpata uli kwa ine. M'mawa ndinkawasambitsa, kuwapakulira phala, kuwakhazika pakhonde pomwe pamafika dzuwa, kenako n'kupita kumsika kumene ndimagulitsa salaula, zovala zakale zija za m'mabelo. Masana ndinkathamangira kunyumba kukawadyetsa nshima n'kubwereranso.

TV ndinagulira iwowo, kuti asamangoyang'ana khoma. Ankakonda mpira ndi makwaya. Koma nyumba ikakhala ndi TV, ndiponso mwini wake n'kukhala wosadziwa kukana, sikhalanso yako wekha. Pa Sondo masana, malaiti akakhalapo, ankaonetsa sewero lina la azungu la mazombi, ndipo anthu anayamba kudzaza pabalaza panga. Nkhani yake inali yakuti dziko lonse lagwa, akufa akudzuka n'kumaluma amoyo, wolumidwa naye n'kusanduka. Kagulu kochepa ka anthu otsala kankathawa uku ndi uku kufunafuna pobisala. Akufa aja ankayenda mokoka miyendo, pakamwa yasa, akubuula.

Woyamba kubwera anali mnyamata wometa tsitsi, amene ali ndi kabarbashopu pakona pamsewu wathu, wobadwira m'tauni momuno, wolankhula Chibemba, Chinyanja ndi Chingelezi m'mpweya umodzi. Iye ndiye ankamasulira azimayi zimene azungu aja akunena, akuwonjezera zake. Kenako kunabwera mayi wa nyumba yoyandikana ndi yanga, wa chigwirizano kutchalitchi kwathu. Poyamba anaima pakhomo n'kunena kuti izi n'zausatana, sizoonera tsiku la Mulungu. Sabata yotsatira anabwera ndi kampando kake. Alongo anga ndi akazi awo nawo anazolowera kukwera minibasi akatuluka m'mapemphero, ati kudzaona atate. Ankasuzumira kuchipinda, moni wa mawu awiri, basi n'kukakhala pasofa.

Sindinama, nanenso seweroli ndinkalikonda. Sabata yonse ndinali munthu wochapa zofunda ndi kukangana ndi ogula. Pa Sondo ndinkakhala pakati pa anthu, tikukuwa limodzi, tikulangiza anthu a mu TV kuti asatsegule chitseko. Atate nthawi imeneyo ankagona. Ndinkawalowetsa kuchipinda akadya, n'kukoka katani ya pakhomo.

Chigawo chimene sindidzachiiwala chinali cha mtsikana wina wa m'kagulu kaja. Bambo ake anali atalumidwa kalekale, anzake onse ankadziwa kuti anafa. Koma iye anawabisa m'kachipinda kosungira zitsulo, kuseli kwa galaja imene gululo linkagonamo. Anawamanga ndi chingwe, ndipo m'mawa uliwonse ankapita mobisa kukawameta ndevu ndi kuwapukuta kumaso. Tsikulo anzake anatulukira. Mtsogoleri wawo anabwera ndi mfuti, mtsikana anaima pachitseko atatambasula manja. Ankati bambo ake akadalimo m'thupi limenelo, akamva mawu ake amakhala chete. Mtsogoleri ankati m'menemo mulibe munthu, muli njala yokha.

Pabalaza panga panagawanika. Wometa uja anaimirira n'kumati amuombere chabe mdalayo, mtsikanayu adzaphetsa gulu lonse. Mayi wa chigwirizano ankalira, akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje, akuti kholo ndi kholo ngakhale litawola. Alamu anga ndiwo analira kwambiri. Anadzigunda pachifuwa n'kunena kuti akanakhala iwo, munthu akanayamba wawapha iwowo asanakhudze atate awo. Alongo anga analankhula ngati ali kuntchito, kuti pamalo pokhala anthu ambiri malamulo ndi malamulo, chisoni chimabwera pambuyo. Mkangano unakula mpaka mawu a mu TV osamvekanso.

Pakati pa phokosolo katani ya kuchipinda inagwedezeka.

Atate anali ataimirira pakhomo. Chiwagwirireni matenda anali asanayendepo okha kuchoka pabedi. Nthawi zonse ndinkawagwira m'khwapa. Tsikulo anadzuka okha. Dzanja lamanzere linagwira khoma, lamanja likulendewera, mwendo ukukokeka pasimenti. Shati inali yomangidwa mabatani molakwika, malovu ali pachibwano. Maso awo anali pa alongo anga. Ndikhulupirira anamva mawu a mwana wawo wamwamuna akukwera, n'kufuna kudzakhala naye pafupi. Anaponda kamodzi, kawiri, n'kutulutsa mawu awo aja a pakhosi.

Anamwino anali atandiuza kuti mwina sadzayendanso, ndipo apa ndinkawaona akuyenda. Ndinayamba kudzuka kuti ndiwachingamire.

"Eh, manje zombi yabwela laivu," anatero wometa uja.

Pabalaza ponse panaphulika chiseko. Mayi wa chigwirizano anaseka mpaka kugwira pamimba, chitenje chonyowa ndi misozi chikadali m'manja. Alamu anga anaseka misozi ya mtsikana wa mu TV isanaume m'masaya. Achinyamata awiri amene anakhala pansi anachita ngati akuthawa, akubisala kuseli kwa sofa. Ndinayang'ana alongo anga. Anali ataphimba pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka.

Atate anayang'ana anthuwo, n'kuyang'ana TV. Pamenepo ankaonetsa bambo a mtsikana uja akukoka chingwe, pakamwa yasa. Atate sanali opusa. Ndinaona nkhope yawo, mbali ija yamoyo, ikugwa pang'onopang'ono mpaka kufanana ndi inzake. Anayesa kutembenuka, mwendo unakana, ndinawawakha asanagwe. Ndinawabwezera pabedi. Anatembenukira kukhoma.

Nditatuluka ndinazimitsa TV n'kuwauza onse kuti azipita. Sindinakweze mawu. Wometa anati inali nthabwala chabe, ba sisi, musatenge siriyasi. Alamu anga anati ndikuchita ngati atate ndi anga ndekha. Chimene chinawawawa kwenikweni n'chakuti sewero linali lisanathe. Mayi wa chigwirizano, ali kale panja, anandipempha kuti ndingoyatsako pang'ono aone ngati mdala uja amuombera. Alongo anga anatuluka osalowanso kuchipinda kukatsanzika.

Tsikulo atate sanadye. Mawa lake anadya pang'ono, koma pakhonde anakana. Ndikawagwira kuti titulukire panja ankakakamira chitsulo cha bedi ndi dzanja lawo lamoyo. Patapita masiku ndinawanyengerera, anavomera. Ndikubwera kumsika masana ndinapeza ana a mumsewu wathu atandanda kutsogolo kwa mpanda, akuyenda mokoka miyendo, manja patsogolo, akubuula. Nkhani inali itayenda kale kuchokera kubarbashopu. Atate anali pampando pawo, sakanatha kudzuka kuti alowe, sakanatha kuwakalipira. Anakhala pamenepo m'mawa wonse akuonerera. Kuyambira tsikulo sanatulukenso.

Ana amaiwala msanga. Akuluakulu ndiwo anaitenga nkhaniyo n'kuiveka malaya ena. Mawu akuti zombi ndi a achinyamata. Makolo awo ali ndi mawu awo akale, ndondocha, munthu amene mfiti yamudula lilime n'kumusunga m'nyumba kuti aziibweretsera chuma. Anayamba kufunsana kuti mkazi wopanda mwamuna, wogulitsa zovala zakale, TV anaigula bwanji, malata atsopano anakhoma bwanji. Anati taonani, mdala sayankhula, ndipo manje samutulutsanso panja. Zimene anachita okha, zowathamangitsa atate pakhonde, zinasanduka umboni wonditsutsa ine.

Kumsika ndinaona kusintha. Mnzanga wa tebulo loyandikana ndi langa anasiya kundisiyira mwana wake akamapita kukatunga madzi. Azimayi ena ankagwira diresi, wina n'kuwanong'oneza, n'kuibweza. Akulu a mpingo awiri anabwera kunyumba, ati kudzapemphera ndi mnzawo. Chidwalireni atate, akuluwa anali atabwerapo kamodzi kokha. Pemphero linali lalifupi, koma maso awo anayenda pansi pa bedi, pamwamba pa kabati, m'mabotolo a mankhwala a kuchipatala. Mmodzi anapempha atate kuti atulutse lilime. Atate anatseka maso.

Kenako kunabwera alongo anga, pakati pa sabata, atavala yunifomu. Anakana kukhala pansi. Anati nkhaniyi yafika mpaka kuntchito kwawo, anzawo akuwafunsa, akazi awo sakuyenda momasuka. Anali atalankhula kale pafoni ndi azakhali kumudzi, ndipo onse anagwirizana kuti atate apite kwawo akapume mpweya wabwino.

"Kumudzi kuli ndani amene adzawasambitsa?" ndinafunsa. "Azakhali nawo akuyendera ndodo."

"Iwe, ndikukuthandiza," anatero. "Anthu akuti ndiwe mfiti. Ufuna adzakutenthere nyumba?"

Ndinawafunsa ngati anauzako munthu ngakhale mmodzi kuti atate awo anadwala sitiroko, kuti anali nawo kuchipatala tsiku limene anagwa, kuti mlongo wawo si mfiti. Anati munthu sungatseke pakamwa pa tauni yonse. Ndinawakumbutsa kuti nawonso anaseka. Anati zimenezo n'zachibwana, tikambe zenizeni.

Ndinakana kwa milungu ingapo. Mafoni ankabwera kuchokera kummawa, amalume, asuweni, anthu amene sanatumizepo ngakhale sopo, onse akundiuza kuti mwana wamkazi sangatsutse banja lonse, ndiponso kuti kukakamira kwangako kukupatsa anthu maganizo. Usanafike mwezi wina munthu anaponya mwala padenga. Atate anadzidzimuka, anadzinyowetsa, ndipo ndikuwasintha zovala analira ngati mwana. Pamenepo mpamene ndinasiya kulimbana.

Tinawakweza basi m'mawa, alongo anga ndiwo anawaperekeza. Ndinawaveka jekete yawo ya kutchalitchi, ndinalongedza mankhwala ndi matewera, ndinafotokozera alongo anga kadyetsedwe kake, kuti nshima izikhala yofewa, supuni izilowera kumanzere. Ankangoti ndamva, maso ali pafoni. Pampando atate anandigwira pamkono ndi dzanja lamanzere mwamphamvu moti kondakitala anachita kundiuza kuti mayi tsikani, basi inyamuka. Ndinachotsa zala zawo chimodzichimodzi.

Sanathe dzinja. Azakhali anayesetsa, sindiwaimba mlandu, koma nkhalamba singatembenuze nkhalamba inzake pamphasa. Atate anachita zilonda kumsana, chifuwa chinalowa, ndipo uthenga utandipeza ndinayamba ulendo, koma ndinakafika atatsekedwa kale maso.

Nditabwerako kumaliro ndinapeza anthu a mumsewu wathu akundidikira kuti adzapepese. Anadzaza pabalaza pomwe paja. Mayi wa chigwirizano anatsogolera kulira, akuti tataya mzati wa mpingo. Wometa anabweretsa thumba la makala. Alamu anga ankauza aliyense mmene apongozi awo ankawakondera. Panalibe amene anatchula za pa Sondo paja, kapena za ndondocha. Wina anati Mulungu wachita bwino kuwapumitsa, ena onse anavomereza. Ine ndinawaphikira tiyi, chifukwa ndi mmene tinaleredwera.

Nyumba ija ndinaisiya, ndinasamukira ku Makandanyama kumene anthu amangondidziwa ngati mayi wa salaula. Alongo anga timalankhulana pakagwa maliro pachibale. Ndimamva kuti akazi awo amauza anthu kuti ndine wouma mtima, wosunga mkwiyo chifukwa cha nthabwala imodzi. Abusa anandiitana kuofesi kwawo n'kundiwerengera mavesi a chikhululukiro, ndipo anandifunsa ngati ndamva. Ndinati ndamva. Ndinawafunsa ngati pali mmodzi mwa anthu aja amene anabwera kwa iwo kudzanena kuti analakwa. Anayang'ana pawindo n'kunena kuti tiyeni tipemphere. Kutchalitchi ndimapitabe, ndimakhala benchi yakumbuyo pafupi ndi chitseko, ndipo ndimatuluka anthu asanayambe kugwirana chanza.