Njinga ya Feliya

A Lemani ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa Kaluluma. Chimwalilireni akazi awo, mtima wawo unali ngati mwendo wachita dzanzi. Ankadya, ankagona, ankapita ku tchalitchi, koma osamva kanthu. Ku kalabu yothandiza anthu olumala sanalowe chifukwa cha chifundo ayi. Mayi Sellah, apampando a kalabuyo, anachita kuwakakamiza, ndipo kukana kukanafuna mphamvu zimene iwo analibe.

Tsiku lina kalabu inawatuma ku esiteti ya fodya kukaona Feliya, mtsikana wa matenanti ochokera ku Phalombe. Anamupeza m'chigafa akusoka fodya. Miyendo yake inali yopuwala chibadwire, ndipo poyenda ankavala mapatapata m'manja. A Lemani anathyola bango n'kumuyeza nalo miyendo ndi mikono.

"Ndiye kuti idzakhala yangayanga, bambo?" anafunsa mtsikanayo.

"Yakoyako. Ya mateyala atatu, yopalasa ndi manja."

Koma zinali zaka za makuponi zija. Mvula isanagwe, aliyense anasanduka lole, matumba awiri a feteleza pakaliyala, masipoko akuthyoka ngati mapesi. Mzere wa njinga zakufa pamtengo paja unkaposa wa kudepoti. Kenaka kunadza kupalira, kukolola, maliro. Zitsulo za njinga ya Feliya zinangokhala pakhonde, nkhuku zikugonapo.

Kalabu nayo inali ndi chizolowezi chake: zinthu zonse zinkaperekedwa m'chilimwe, fodya atagulitsidwa, anthu atapeza mpata wovina ndi kulankhula pamwambo. Anthu a m'midzi yokhazikika amaiwala kuti mlendo ndi mame. Nthawi imene iwo amapuma ndi imene matenanti amamanga katundu.

A Lemani anaimaliza njingayo mu Ogasiti, naipaka utoto wobiriwira. Sanadikire mwambo. Anaikankha okha m'fumbi mpaka ku esiteti, ana akuwatsatira n'kumaseka kuti madala akula ndi zidole.

Tinyumba taudzu ta matenanti anatipeza tili pululu, zitseko zitazulidwa. Kapitawo wa pa esitetipo anatuluka akutafuna nzimbe, a Lemani n'kumufunsa za Feliya.

"Aja a ku Phalombe? Lole inawatenga sabata yatha. Fodya wawo sanachite bwino, bwana sawafunanso."

"Mudzi wawo ndi uti?"

"Aaa, achimwene, Phalombe ndi yaikulu. Ife timangowadziwa ndi dzina la bambo wake, Dominic."

A Lemani anaima chilili, manja ali pa chishalo. Kapitawo analavula zikhungwa za nzimbe, n'kuiyang'ana njingayo.

"Koma mwanayo anavuta tsiku limenelo. Anakana kukwezedwa mpaka dalaivala asiye malo a njinga yake pakati pa katundu. Anati mukubwera. Malowo anawasiyadi, anthu n'kumapanikizana kumbuyo."

Apo m'pamene dzanzi lija linatha, ndipo a Lemani anamva kuwawa kumene sanakumve ngakhale kumanda kwa akazi awo. Anakhala pansi m'fumbi momwemo, kapitawo n'kubwerera m'chigafa.